Maboma ena akutsalira kwambiri pa chitukuko, kodi boma lingatani zenizeni?

WakuNthalire

Abale anga ndili ndi funso ndipo chonde tikambirane mwaulemu, chifukwa nkhani iyi ikangoyamba anthu amathamangira kutukwanana za mitundu mapeto ake osamvana kanthu. Funso ndi lakuti, kodi ndi njira iti yeniyeni yomwe boma lingatsate kuti kusiyana kwa chuma pakati pa zigawo ndi maboma athu kuchepe? Ndikufuna njira yoti inayesedwapo penapake nkuoneka zipatso zake, za malonjezo a pa msonkhano wachipani tatopa nazo.

Ine kwathu ndi ku Nthalire ku Chitipa ngakhale pano ndikukhala ku Lilongwe kamba ka ntchito. Kwathu anthu amalima ndithu, chimanga, nyemba, fodya, ng'ombe ziliko, sikuti ndi aulesi ayi. Koma venda akabwera ndi lole yake amagula pa mtengo wolira, akuti msewu ndi oipa galimoto yanga ikuwonongeka, nde mlimi alibe kochitira amangogulitsa poti sangasenze matumba pamutu mpaka pa boma. Feteleza naye akamafika kwathu amakhala atakwera kale chifukwa cha thiransipoti yomweyo. Ndiye kuti munthu mmodzi yemweyo akuluza pogula, akuluzanso pogulitsa, pomwe mnzake wa ku Mitundu kapena ku Lunzu akulima mbewu zomwezo koma msika uli pakhomo.

Nthawi ya a Bingu Nthalire inali mgulu la malo oyamba kupatsidwa rural growth centre pamodzi ndi Nambuma ndi Neno, anamanga msika ndi nyumba zina zooneka bwino ndithu, koma msewu wa Rumphi-Nyika-Chitipa womwe ukanaupatsa moyo msikawo mpaka lero sunathe, boma lililonse likabwera limaulonjeza. Achinyamata omwe ndinaphunzira nawo atsala ochepa kumudzi, ena ali ku Mzuzu, ena ku Lilongwe kuno, ena ku Tunduma, ena ku Johannesburg, ndipo sindingawadzudzule chifukwa inenso ndinachoka.

Nde ena akuti tibweretse federalism yoti chigawo chilichonse chikhale ndi boma lake laling'ono, ena akuti CDF, ndalama za chitukuko zopita ku dera la phungu aliyense, ikwere basi zonse zitheka, ena akuti tidikire ma secondary cities, matawuni omwe boma likufuna kuwakweza kukhala mizinda mu masomphenya a Malawi 2063. Inu amene mukuzitsata bwino zinthuzi tatithandizeni, chimene chingagwire ntchito ndi chiti?

Aphunzitsi_Opuma

Mwafunsa bwino mwana wanga. Ine ndine wamkulu ndiye ndiloleni ndiyambe ndi zakale, chifukwa zambiri zomwe zikukambidwa lero zinayesedwapo kale mdziko muno.

Atsamunda anasiya chuma chitaunjikana kummwera, ku Blantyre, Limbe, Zomba ndi mmaesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, njanji ya ku Beira nayo inkatumikira iwowo. Kumpoto ndi madera ambiri a pakati ntchito yake inali kutumiza amuna ku migodi ya ku South Africa ndi ku Rhodesia. Kamuzu njira yake yayikulu inali kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndi ngongole ya ku South Africa poti a Britain anakana kuthandiza, ndipo ankanena kuti likulu likakhala pakati chitukuko chidzafalikira mpaka kumpoto. Anawonjezera bwalo la ndege la ku Lumbadzi ndi njanji yochoka ku Salima kudzera ku Lilongwe mpaka ku Mchinji. Kodi zinatheka? Kwa Lilongwe weniweniyo zinatheka kwambiri, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzindawu pomwe Blantyre anali ndi 800,000, pamene kale Lilongwe anali ka tawuni kakang'ono. Koma tulukani mumzinda mupite ku Ntchisi, ku Dowa kumidzi, olo ku Lilongwe komweko chakumadzulo uko, mudzaona umphawi wa dzaoneni pamtunda woti njinga yamoto imafika tsiku lomwelo. Likulu linadzikweza lokha, oyandikana nalo anangokhala otumiza makala ndi aganyu.

Njira yomwe ine ndinaiona ikusintha miyoyo ya anthu wamba inali ya ma sikimu ndi mapulojekiti a ulimi. Kuyambira 1968 kunali pulojekiti yayikulu ya Lilongwe, ina ku Chigwa cha Shire, ina ku Salima mmbali mwa nyanja, kenako ya ku Karonga, izi ndi zomwe zinadzasanduka ma ADD, zigawo zoyendetsera ulimi. Masikimu a mpunga ngati Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Domasi, Muona ku Nsanje, amenewa ankayenda chifukwa zinthu zinkabwera pamodzi, madzi, mlangizi, ngongole ya kalabu, msewu wopalidwa chaka ndi chaka komanso ADMARC yogula pamtengo umodzi kaya uli ku Chitipa kaya ku Limbe. Mtengo umodziwo unali njira yothandizira madera akutali ngakhale sankaitchula choncho. Sindikubisa kuti ADMARC yomweyo inkagula motchipa kwa mlimi wamng'ono phindu nkumapita ku maesiteti a akuluakulu, chimenecho chinali cholakwa chachikulu, koma misika itamasulidwa kuyambira cha mu 1987 amene anavutika koyamba ndi a kutali ngati kwanuko, chifukwa wabizinesi sapita komwe msewu ukumudyera phindu.

Tsono njira yomwe ndimaidandaula mpaka lero ndi kota. Kumpoto sukulu zinafika msanga kamba ka amishoni a ku Livingstonia, ndiye ana akumeneko ankakhoza kwambiri, mmalo mokweza sukulu za madera otsalira boma linasankha kugawa malo a ku yunivesite potengera boma lochokera. Mu 1989 kunabweranso lamulo loti mphunzitsi aliyense akaphunzitse kuchigawo chakwawo. Ndinali pa ntchito nthawi imeneyo ndipo ndinaona anzathu akukweza matilesi, mbaula ndi mabokosi a mabuku pa lole, ana a mkalasi atayima mmbali mwa msewu akulira, ena mwa aphunzitsiwo anali atakwatira konkuno ana awo osadziwa ndi Chitumbuka chomwe. Sukulu yathu inakhala nthawi yaitali yopanda wophunzitsa masamu ndi sayansi, nde amene analangidwa kwenikweni anali ana a chigawo chomwe ankati akuchithandizacho. Khoti linaimitsa kota mu 1993, inabwereranso mu 2009 ndi dongosolo lija loti boma lililonse likhale ndi malo 10 otsimikizika, kenako inathetsedwa mu 2020. Zaka zonsezo mwana wa pa CDSS ya kumudzi yopanda labu anakhalabe kumbuyo, amene ankapindula ndi ana a mtawuni ophunzira pa sukulu zabwino omwe ankangolemba boma la makolo awo pa fomu. Maganizo anga ndi oti ndalama zipite ku malabu, nyumba za aphunzitsi ndi mahositelo a atsikana mmaboma otsalira, malo a ku yunivesite awonjezeredwe, osamalimbirana ochepa omwewo.

Mai_a_kuBangula

Zikomo aphunzitsi mwalongosola momveka. Koma achimwene a ku Nthalire ndikupempheni chinthu chimodzi, tikamakamba nkhani imeneyi tisamaiike ngati kumpoto ndi kotsalira ndiye kummwera kuli pabwino, chifukwa ife a ku Nsanje ndi Chikwawa tikamva choncho mtima umawawa. Kummwera kwake kuti? Blantyre si kwathu. Kafukufuku wa NSO, ofesi ya boma ya kalembera, wa 2019/2020 anaonetsa kuti anthu osauka mdziko muno ndi pafupifupi 51 pa 100 alionse, mtawuni 19 koma kumudzi 57, ndipo pa zigawo kumpoto kunali pafupifupi 33, pakati 56, kummwera 51. Sindikunena kuti kumpoto kulibe mavuto, misewu yanu ndi yomvetsa chisoni ndithu, koma mpata waukulu uli pakati pa tawuni ndi mudzi komanso pakati pa boma ndi boma linzake mchigawo chimodzi chomwecho. Phalombe, Neno, Machinga, Nsanje onsewa ndi kummwera.

Taonani ife, shuga wa ku Nchalo amalimidwa kwathu, magetsi a ku Kapichira amapangidwa mu Shire yemweyu mboma la Chikwawa, koma midzi yambiri yoyandikana nayo ikadali mumdima. Pa Mtayamoyo pomwe madzi anadula msewu ndi njanji mu 1997 mpaka lero kupita ku Makhanga timawoloka pa bwato, ndipo pa bwatopo umalipira mutu wako, njinga payokha, thumba lililonse palokha, nde mayi amene wanyamula mbatata kapena nsomba zouma kuti akagulitse ku Bangula phindu lake latha asanafike pamsika, ndipo madzi akadzadza wodwala amadikira kutsidya. Mwana wobadwa chaka chimene mlatho unaduka pano ali ndi ana ake.

Chomwe ndaphunzira kwathu ndi choti chitukuko chachikulu chongobwera kuchokera kumwamba osafunsa eni dera sichithandiza. Doko la ku Nsanje analitsegulira mu October 2010 ndi chimwambo chachikulu atsogoleri a maiko ena alipo, koma nkhani ndi dziko la Mozambique yokhudza kuyenda pa Zambezi inali isanathe, mpaka lero palibe sitima yomwe ikukocheza, simenti ili pompo. Ndalama zimenezo zikanamanga mlatho uja ndi msewu wa ku East Bank bwenzi pano tikukamba zina.

Chiyembekezo changa chili pa Shire Valley Transformation Programme, ngalande yayikulu yochokera ku Kapichira yomwe akuti idzathirira mahekitala opitirira 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank. Imeneyi ikugwirizana ndi vuto lathu lenileni, kwathu nthaka ndi yachonde koma mvula ndi yosadalirika, chaka china chilala chaka china madzi osefukira, namondwe Ana mu 2022 anaononga mpaka pa damu pomwe ngalandeyo ikuyambira, namondwe Freddy mu 2023 anadzamaliza zotsala. Nkhawa yanga ndi malo basi, alimi akuphatikiza minda yawo mmakopaletivi ndiye pakufunika mapepala a malo akhale mmanja mwa eni ake, amayi omwe, kuopa kuti madzi akadzafika tidzapezeke tikugwira ganyu pa munda womwe unali wa agogo athu.

Jere_waku_Mzimba

Amayi ndakumvani ndipo za Mtayamoyo zandikhudza, koma manambala a umphawiwo asatitseke pakamwa. Kumpoto mabanja ambiri akudya chifukwa cha ndalama zomwe ana awo akutumiza kuchokera ku South Africa, pitani ku Mzimba muone nyumba zamalata zomwe zamangidwa, si boma lamanga zimenezo, ndi thukuta la anyamata omwe akugona mmashaki kunja. Fakitale zili kuti? Chikangawa inali nkhalango ya mahekitala 53,000, matabwa anatuluka mmalole usiku ndi usana, Mzimba ndi Nkhata Bay anatsala ndi zitsa. Uranium wa ku Kayelekera anayamba kukumbidwa mu 2009 mpaka 2014, Karonga anasintha chani? Yunivesite ya Mombera mwala wa maziko unayikidwa mu 2015, anaisintha ndi dzina lomwe kukhala ya Inkosi M'mbelwa koma ana sanayambe kuphunzirapo, pomwe yunivesite ya sayansi ya MUST yomwe poyamba inkayenera kukhala ku Lilongwe inasamutsidwira ku Thyolo ndipo mu 2014 inatsegulidwa. Apa mukuona nokha kuti chitukuko chimatsata komwe mtsogoleri akuchokera, ndipo kumpoto kuli anthu 13 pa 100 alionse basi nde mavoti athu saopsa aliyense. Nchifukwa chake ine ndili pa federalism, nkhaniyi inakula mu 2014 anthu nkuyamba kutinena kuti tikufuna kugawa dziko, ayi sitikufuna kugawa dziko, tikufuna chigawo chilichonse chikhale ndi boma lake laling'ono ndi bajeti yake, a ku Chigwa cha Shire nawonso apindula, simudzadikiranso munthu wa ku Capital Hill kuti akumbukire mlatho wanu.

Kalaliki_wa_Khonsolo

Ine ndagwira ntchito mmakhonsolo kwa nthawi ndithu nde ndiyankhe kuchokera mkati. Bambo Jere mfundo yanu yoti chitukuko chimatsata mtsogoleri ndi yoona ndipo ndi imene tiyenera kuithetsa, koma federalism payokha siingathetse, mwinanso ingapweteke kumpoto komweko. Misonkho yambiri ya dziko lino imatoleredwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe kuli malikulu a makampani, nde mukati chigawo chilichonse chidye zake, Chitipa ndi Nsanje adzagawana chani? Maiko onse a federal omwe zikuyenda ali ndi lamulo lotenga kwa olemera kupatsa osauka, ndiye nkhani yagona pa kagawidweko, kaya dziko ndi la federal kaya ayi.

Chomvetsa chisoni nchoti lamulo lopereka mphamvu ku anthu tili nalo kale kuyambira 1998, Local Government Act ndi ndondomeko ya decentralisation, ndipo ndondomekoyo imanena kuti 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera zizipita ku makhonsolo kukachitira chitukuko. Gawo limeneli silinaperekedwe mokwanira. Makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014, zaka 9 zathunthu, ndipo mu 2010 anasintha lamulo kuti bwanamkubwa azisankhidwa ndi nduna komanso aphungu azivota nawo mkhonsolo. Mphamvu zinapita ku anthu pa pepala, chikwama chinatsala ku Lilongwe.

Tsono pali chinthu china chomwe anthu sachiona. Ukangouza makhonsolo kuti dzipezereni ndalama, ukukulitsa kusiyana. Mzinda wa Blantyre uli ndi ma city rate, malayisensi a mashopu, madepoti. Khonsolo ya kumudzi ili ndi chiphaso cha pamsika, tikiti ya mayi wogulitsa tomato, basi. Ndinagwirapo pa khonsolo ina yakutali komwe mwezi ukatha timawerenga ndalama za mmisika zili mmajumbo, zambiri zakobiri ndi ma K50 ong'ambika, osakwana ndi malipiro a alonda ndi osesa omwe, injiniya analipo mmodzi boma lonse wopanda galimoto, ankachita kupempha lifiti pa ambulansi kuti akaone mlatho womwe kontilakitala akuti wamaliza. Akauntanti wabwino akabwera sankatha chaka, ankapempha transifa chifukwa nyumba kulibe, sukulu ya ana ake kulibe, ndipo mboma anthu amadziwa kuti kutumizidwa kutali kumatengedwa ngati chilango. Ndiye pulogalamu ngati GESD ya World Bank yomwe imapereka ndalama potengera mmene khonsolo yakhonzera pa kawuniwuni ndi yabwino pothana ndi kuba, koma khonsolo yopanda antchito imalephera mayesowo nkulandira zochepa pomwe ndi imene ikusowa kwambiri.

Za CDF. Inayamba mu 2006, inafika K100 miliyoni mu 2022, K200 miliyoni mu 2024, ndipo pa kampeni ya 2025 tinamva lonjezo la K5 biliyoni pa dera lililonse, madera alipo 229 tsopano nde ndi ndalama zopitirira K1 thililiyoni pa chaka. Vuto langa ndi loti dera lililonse limalandira mofanana. Zili ngati pa nthawi ya njala kugawa thumba limodzi limodzi pa khomo lililonse osayang'ana kuti khomo ili muli anthu atatu ndi nkhokwe yodzadza, linalo muli anthu 12 opanda kanthu. Dera la mumzinda lomwe lili kale ndi tala, mipopi ndi chipatala pafupi likulandira chimodzimodzi ndi Chitipa South kapena Nsanje North komwe thumba la simenti limafika litakwera ndi thiransipoti, kalasi imodzi yomweyo kumanga kwake ndi kodula kutali kusiyana ndi mtawuni. Kugawa kotere kusiyana kuja kumangokhala pomwepo.

Nde mukandifunsa ine achimwene a ku Nthalire, ndikufuna fomula yolembedwa mmalamulo, yoti nduna kapena pulezidenti sangaisinthe ndi pakamwa, yowerengera chiwerengero cha anthu, umphawi wa boma limenelo, kukula kwa dera, kutalika kwake kuchoka ku mizinda, ndi zomwe zikusowa monga makilomita a tala ndi zipatala. A National Local Government Finance Committee ali kale ndi fomula ya ndalama zina, koma ndalama zikuluzikulu za misewu, magetsi ndi mayunivesite sizidutsa kumeneko, zimagamulidwa ku likulu ndipo ndi zimene zimatsata ndale. Zimenezo zilowe mu fomula, ndipo chaka chilichonse nduna ya zachuma izisindikiza kuti boma lililonse mwa maboma 28 lalandira zingati pa munthu mmodzi, aliyense aziona. Kenako wogwira ntchito kutali alipidwe moonekera, nyumba yabwino ndi kukwezedwa msanga, osati ka alawansi kongokwana sopo.

Phiri_Chipata

Moni nonse, ine ndili ku Chipata kuno ku Zambia nde ndingowonjezera zomwe tikuona. Kuno CDF inali K1.6 miliyoni ya kwacha yathu, boma la a Hichilema litalowa anaikweza kufika K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo yakhala ikukwerabe chaka ndi chaka. Kunena zoona kumidzi zikuoneka, madesiki mmasukulu, zipinda za amayi oyembekezera, ana akulipiriridwa sukulu zogonera konko ndi maphunziro a ntchito zamanja, makalabu a amayi ndi achinyamata akulandira ndalama zoyambira bizinesi, ndipo kalipentala wa pa boma akupeza ntchito ya madesiki yomwe kale inkapita kwa munthu wa ku Lusaka. Koma zomwe akunena a Kalaliki ndi zomwezo kuno, madera onse 156 ankalandira mofanana kaya ndi mumzinda wa Lusaka kaya ndi ku Chama kapena Shang'ombo, ndipo chaka choyamba ndalama zambiri zinangokhala ku banki chifukwa mapulojekiti ankadikira chilolezo cha ku Lusaka komanso makhonsolo analibe mainjiniya ndi anthu a zogulagula okwanira. Ndiye mukakweza CDF kwanuko yambani mwalemba ntchito anthu amenewo.

Dziko lomwe ndikuona kuti linayesa zomwe a Kalaliki akufuna ndi Kenya. Malamulo awo a 2010 anapanga ma county 47 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2013, ndipo analemba mu constitution momwemo kuti ma county azilandira zosachepera 15 peresenti ya ndalama za boma, pali bungwe loima palokha la Commission on Revenue Allocation lomwe limakonza fomula yowerengera anthu, umphawi ndi kukula kwa dera, kuphatikiza apo pali Equalisation Fund ya theka la peresenti imodzi yopita kumadera omwe anasalidwa kalekale kuti apeze madzi, misewu, zipatala ndi magetsi. Ma county ouma a kumpoto ngati Turkana, Mandera ndi Wajir anayamba kugwira ndalama zomwe sanazionepo chilandilire ufulu. Mavuto alipo, katangale anatsikira nawo ku ma county, magavanala ena mpaka anamangidwa, ndipo Equalisation Fund yakhala ikuchedwa kutuluka kwa zaka zambiri. Komabe gavana wa ku Turkana sapita kukagwada ku State House kuti apatsidwe gawo lake, akachedwetsa amapita kukhoti chifukwa ndi lamulo. Bambo Jere onani kuti a Kenya sanagawe potengera zigawo zikuluzikulu zakale zija, anatsikira pa ma county, nde kwanuko mwina maboma 28 ndi omwe angakhale poyambira, kuopa kuti Mzuzu angadzasanduke Capital Hill wina kwa anthu a ku Chitipa ndi Likoma.

WakuNthalire

Zikomo nonse, amayi a ku Bangula mfundo yanu ndaimva ndipo mavuto athu ndi amodzi. Za Mzuzu kusanduka likulu lina a Phiri mwalasa, ife a ku Chitipa timadandaula kale kuti zabwino za kumpoto zimathera pa Mzuzu. Koma palibe wayankha za ma secondary cities, ndamva kuti asankha Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Kodi sizidzakhala ngati growth centre yathu ija, nyumba zokongola popanda malonda? Komanso a Kalaliki, migodi ikutsegulidwayi, Kayelekera wayambiranso mu 2025, ku Kasiya ndi ku Kangankunde akukonzekera, pali lamulo loti gawo la ndalamazo lizitsala mboma momwe akukumbamo?

Kalaliki_wa_Khonsolo

Pa migodi, lamulo la migodi limakakamiza kampani yayikulu kusainirana mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ozungulira mgodi, community development agreement, nde madera oyandikana amapezako sukulu, mijigo kapena chipatala malinga ndi zomwe agwirizana. Koma ma royalty, ndalama zomwe kampani imalipira boma pa miyala yomwe yakumba, ndi misonkho zimapita ku thumba lalikulu la boma, Account Number One, khonsolo ya Karonga kapena Balaka ilibe gawo lake lokhazikika pamenepo. Ine ndingakonde gawo lina lizibwerera ku boma lomwe mgodi uli chifukwa fumbi, madzi oipa ndi misewu yophwanyidwa ndi malole zimatsalira iwowo, koma lisakhale lalikulu kwambiri, apo ayi Ntchisi ndi Chiradzulu omwe alibe mgodi adzatsalira kawiri.

Ma secondary cities pa pepala anasankhidwa mwanzeru kusiyana ndi ma growth centre, chifukwa ambiri ali pomwe pali kale njanji, doko kapena msewu waukulu, Liwonde ali pa njanji ya ku Nacala, Chipoka ali ndi doko ndi njanji, Karonga ali pa njira ya ku Dar es Salaam, Bangula ali pakati pa ulimi wothirira uja ndi njanji ya ku Marka yomwe akukonza. Chomwe ndikuyang'ana ine ndi bajeti, kodi muli mzere wa magetsi odalirika, madzi ndi malo a mafakitale okhala ndi mapepala mmatawuni amenewa? Wabizinesi sangakaike makina opera mpunga ku Karonga kapena ofinya mafuta ku Kasungu ngati magetsi akuzima tsiku lonse, olo mutamuchotsera msonkho. Ndipo Chitipa mulibe mu mndandandawo, nde phindu lanu lidzadalira msewu, wa Karonga-Chitipa unamangidwa kale ndi thandizo la China koma inu a ku Nthalire muli kutali nawo, pokhapokha wa ku Nyika uja utatha kapena wochoka kwanuko kukafika pa boma utathiridwa tala. Amayi a ku Bangula mutiuzeko ngati kwanuko a khonsolo anayamba kale kuyeza malo a tawuni yatsopanoyo, chifukwa ndi pa kuyeza malo pomwe anthu wamba amayenera kukhala tcheru ndi chipukuta misozi.